Mudzajambule Akagwa

Lirangwe, 9 Epulo 2024

Okondedwa achimwene a Justus,

Muli bwanji kumeneko ku Joni, pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Ife kuno tikupuma ndithu, koma ndikati tili bwino ndikunamizani. Chimanga chinapserera chisanabereke, zimenezo mwamva kale. Zimene simunamve ndi izi.

Emmie, mwana wanga mmodzi yekhayo, wabwezedwa ku banja. Apongozi ake anamuperekeza Lachiwiri lapitalo kuchokera ku Chileka ndi chikwama chake cha zovala, koma kumbuyo kulibe mwana. Nathan, khanda la miyezi itatu, atsala naye iwowo.

Akuti chibadwire Nathan, Emmie wagwa katatu. Amauma thupi lonse ngati thabwa, kenako n'kumaphupha, thovu lili kukamwa, ndipo akatsitsimuka sakumbuka kanthu. Kachitatu anagwera pa mjigo mwana ali kumbuyo, mwayi wake anagwa chafufumimba. Apongoziwo akuti ndi khunyu, ndipo mwana angayamwe matendawo m'bere.

Ine ndinawauza kuti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Anandiyankha ndi ulemu wopweteka uja kuti nkhani za banja zili ndi eni ake. A Mailosi, nkhoswe ya kuchimuna, akuti akhala pansi ndi munthu mmodzi yekha, amene analandira tambala tsiku la chinkhoswe. Munthuyo ndinu, achimwene. Amalume athu a Luke anatisiya chaka chatha, tatsala awiriwiri.

Emmie mawere atupa. M'mawa ndi madzulo amafinyira mkaka m'kambale n'kukataya kuseri kwa nyumba, akuti usaume mwana asanabwere. Ine ndimangoyang'ana kumbali.

Sindinaimbe chifukwa foni ndimachita kubwereka ya amayi a Zulfa oyandikana nafewa, ndipo mukuwadziwa, nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa imakadya nkhomaliro pa msika. Kalatayi ndawapatsira a Davie a transipota. Bwerani, ndasowa mtengo wogwira.

Ndine mlongo wanu,
Salome

Joni, 24 Epulo 2024

Achemwali anga a Salome,

Kuno tili bwino, alamu anu akupereka moni. Kalata yanu ndinaiwerengera pa makwerero, ndikuika mawaya m'denga la nyumba ya bwana wina, ndipo ndinatsala pang'ono kutsika ndi mutu.

Kubwera sindingathe, ndipo ndikuchita manyazi kulemba zimenezi. Masiku a m'pasipoti mwanga anatha kalekale. Ndikangofika pa boda andidinda kuti ndisapondenso kuno kwa zaka, ndiye alamu anu ndi ana atatuwa adya chiyani?

Koma tamverani. Lamulungu ndinafunsa a Lisa, namwino wa kwathu ku Kuntaja amene timapemphera naye kuno. Zimene anandiuza ndinazimva msanga, poti ndi ntchito yanga yomwe. Akuti ubongo wa munthu umagwira ntchito ndi timagetsi tating'onoting'ono. Ukafuna kutukula dzanja, uthenga umathamanga m'mitsempha monga mmene moto umayendera mu waya. Ndiye mwa anthu ena magetsiwo amangobuka onse pakamodzi, ngati mawaya agundana, munthu n'kugwa. Pakapita mphindi zingapo zimazima zokha. Si ufiti, ndipo sizipatsirana, kaya m'thovu, kaya mu mkaka, kaya mu mpweya woipa umene anthu amauthawa uja. Alipo mapiritsi amene amawakhazika pansi magetsiwo.

Ndikukuonani mukupukusa mutu, inu amene munkakana kugwira mabatire a wailesi ya ababa kuopa kuti akulumani.

Pitani naye kuchipatala, osati kwina. Akagwa mumugoneke chammbali, mumuchotsere zinthu zoti zingamupweteke, musamuike supuni mkamwa. A Mailosi ndiwaimbira ndekha, ndi munthu wa tchalitchi, amva. Nyumba zozima magetsi ndimazikonza tsiku ndi tsiku, izinso zikonzeka.

Mlongo wanu,
Justus

Lirangwe, 30 Meyi 2024

Achimwene,

Landirani moni. Pepani ndachedwa kuyankha, a Davie galimoto inawafera ku Tete masabata awiri.

Za magetsi anu ndawerenga kawiri. Pholo la magetsi silinafikepo m'mudzi muno chibadwire ine, lero mukuti magetsi ali m'mutu mwa mwana wanga? Ndinaseka, koyamba mwezi wonse, kenako ndinalira.

A Mailosi akuti munawaimbiradi. Anabwera okha kudzandiuza kuti nkhoswe ya pa foni sanaionepo, ndipo tambala uja sanamupereke pa foni. Ndinapempha mkulu wa mpingo kuti akaime m'malo mwanu, anamubweza ndi mawu omwewo.

Kuchipatala chathu chaching'ono anatilembera kalata yopita ku chachikulu m'tauni. Kumeneko atipatsa tsiku la 18 Juni. Akuti makina oyeza ubongo alipo, koma ofuna kuyezedwa ndi ambiri.

Wagwanso kawiri. Ndinachita mmene ndikanathera. Ku Mvano amayi amene ndakhala nawo benchi imodzi zaka zonsezi tsopano akusiya mpata pakati pathu woti n'kukhalapo munthu wonenepa. Emmie ndamupatulira mbale ndi kapu yake, kungofuna kutseka anthu pakamwa, musandiweruze. Iye sanadandaule. Anangomanga kansalu pa chogwirira cha kapuyo kuti ndisamasokoneze.

Mkaka akufinyabe. Wachepa, koma ukutuluka. Lumbani, mwamuna wake uja, anabwera kamodzi pa njinga yamoto ya kabaza. Anaima pa msewu, anayankhula naye ali chikwerere, n'kusiya sopo ndi shuga. Mwana sanabwere naye.

Salome

Lirangwe, 19 Juni 2024

Amalume,

Ndine Emmie. Muli bwanji? Aanti ndi ana muwapatse moni.

Ndati ndikulembereni ndekha za makina aja, poti ndinu munawalimbikira. Anatiuziratu kuti ndimasule tsitsi, ndilichape ndi sopo, ndisadzole mafuta. Ndinakwera minibasi mutu uli nyankhalala pansi pa duku. Mayi wina wa yunifolomu anandiyeza mutu ndi tepi ngati telala, n'kundimata timawaya toposa makumi awiri ndi kaphala kozizira. Anandigwira m'mutu ndi manja ake enieni, amalume, osanyansidwa. Chichokereni ku Chileka palibe anandigwirapo choncho. Ndinatsala pang'ono kugona.

Anati nditsinzine, nditsegule maso, ndipume mwamphamvu ngati ndikukoleza moto. Kenako anayatsa getsi lophethira kumaso kwanga. Pa kompyuta pankayenda mizere yambiri yokhotakhota, ngati munda wolimidwa ndi munthu woledzera. Akuti amenewo ndiwo magetsi anga. Ndawaona ndi maso, simunaname.

Koma adokotala akuti mizereyo ili bwinobwino. Akuti zimachitika, makinawo amangoona za nthawi yomweyo, ndipo tsiku limene kumwamba kuli ngwee sungaone mphezi ya dzana. Akuti kugwa kulipo kwa mitundumitundu, kwina kwa mtima, kwina kwa kuchepa magazi, ndiye safuna kundiyambitsa mankhwala a zaka mongoganizira. Anafunsa amayi kuti zimayambira mbali iti, maso amayang'ana kuti, zimatenga mphindi zingati. Amayi anangowerama. Ndi pamene ndinazindikira kuti kasanu konse kamene ndagwa, palibe anakhala nane mpaka pamapeto. Onse amathawa.

Ndiye akuti wina adzandijambule pa foni ndikadzagwa, tikawaonetse. Ife foni yojambula tilibe.

Nathan wakwanitsa miyezi isanu. Akuti wayamba kudzitembenuza yekha, ndamva kwa anthu. Chonde fulumirani mkaka usanaume, ndikufuna adzaupeze.

Mdzukulu wanu,
Emmie

Chileka, 1 Julayi 2024

Ankolo,

Ndine Lumbani, mkamwini wanu. Za makalatazi si mbali yanga, mundikhululukire polakwika. Ndikudziwa mukundiona ngati munthu woipa. Ine mkazi wanga ndimamufuna kwabasi, koma ndagwira njakata. Nyumba tikukhalayi ili pa malo a amayi, njinga ndikuyendetsayi ndi ya a Mailosi. Ndimalawirira kukadikira anthu pa geti la bwalo la ndege, kubwera dzuwa litalowa, mwana amatsala ndi amayi. Tsiku lija la pa mjigo ndinamupeza Nathan ali ndi matope kumaso. Ndikati sindikuopa ndiye kuti ndanama.

Pepala la makina lija latisokoneza. Amayi akuti poti makina sanapeze kanthu, ndiye kuti si matenda a chipatala, ndi za kumtundu kwanu. Tinakangana mpaka anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera, zinthu sizinali bho. Pomaliza a Mailosi agamula kuti adokotala akatchula dzina la matendawa n'kupereka mankhwala, mwana apita kwa mayi ake ngakhale inu musanabwere. Amayi avomera pamaso pa anthu.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Kunja kuno kwazizira, auzeni asamamulole kuyandikira moto. Mukudziwa mmene anthu amanenera, kuti wa khunyu akangopsa basi matenda akhazikika, palibenso mankhwala angamuchize. Ine kaya ndi zoona kaya, koma amayi amazikhulupirira kuposa Baibulo.

Mwana ali bwino, akumwa mkaka wa m'chitini ndi phala. Pamphumi ndi mayi ake enieni.

Lumbani

Joni, 9 Julayi 2024

Achemwali,

Mwaona? Khomo latseguka. Mnyamata uja wandilembera, ndipo a Mailosi sangabweze mawu amene ananena pagulu.

Foni ili m'phukusiyi ndi yanu. A Davie akuonetsani podina, musawalole kunyamuka musanayeserere katatu. Muziitchaja pa sola ya amayi a Zulfa, ndipo izikhala pa thupi panu nthawi zonse, ngakhale popita kudimba.

Tsono mvetsetsani, chifukwa mwayi uwu subweranso. Akangoyamba, dinani pofiira. Muonetse nkhope, manja ndi miyendo. Musagwedeze foni, musathamange kukaitana anthu, musasiyire panjira. Zivute zitani, jambulani mpaka atasiya yekha. Kanema wa theka sawathandiza adokotala. Mphindi zitatu zokha za kulimba mtima, Nathan abwera kunyumba.

Za moto zimene akunena a ku Chileka ndi nkhambakamwa chabe. Bala la pakhungu likhudzana bwanji ndi mawaya a m'mutu? Komabe azisamala.

Justus

Joni, 26 Julayi 2024

Achemwali,

Kanema wafika dzulo m'mawa, wopanda mawu alionse. Ndaimba kakhumi, simukuyankha. Ndiye ndalemba, a Davie anyamuka mawa.

Ndamuonera kamodzi kokha ndipo sindidzamuoneranso, koma ndikangotsinzina akuyamba yekha. Kwacha kumene, Emmie ali pansi pakhonde, mbaula yagudubuzika, mbatata zili mbwee. Dzanja lamanja lagwera pa makala. Nkhope ikuoneka bwino, manja akuoneka, miyendo ikuoneka, monga ndinanenera. Foni sikugwedezeka. Ndinawerenga mpaka makumi anayi, achemwali, dzanja lili pomwepo, kufikira amayi a Zulfa anatulukira n'kumukoka ndi chitenje. Amayi a Zulfa omwe timawanena aja.

Ndinakuwa m'chipinda muno, kukalipira foni ngati mungandimve. Ndinakunenerani mawu oipa, ndisabise. Kenako alamu anu anandifunsa motsitsa mawu kuti, kodi paja munawalembera kuti chiyani? Ndinakhala pansi.

Zivute zitani. Ndine ndinalemba mawu amenewo, nditakhala pa mpando, nditakhuta. Walira mvula walira matope, koma matopewo agwera mwana wosalakwa. Miyezi yonseyi ndakhala ndikukamba za mutu wa mdzukulu wanga ngati ndi bokosi la mafyuzi. Lero ndinapita ku ntchito, ndinasokoneza mawaya, bwana anandibweza.

Dzanja lili bwanji? Adokotala ati chiyani? A ku Chileka amva? Ndiyankheni, ngakhale mzere umodzi.

Justus

Lirangwe, 6 Ogasiti 2024

Achimwene,

Foni ndimaimva ikulira, koma sindikuiyankha. Cholembera chokha ndi chimene chikundimvera.

Adokotala anaonera kanema uja kawiri. Dzina atchula, ndi khunyu ndithu, mtundu umene umamva mankhwala, ndipo amupatsa mapiritsi oti akhoza kumwa akuyamwitsa. Ati bala silisintha kanthu m'mutu. Kenako anandiyang'anitsitsa. Dzanja atsuka, amanga, koma zala ziwiri akuti mwina sizidzawongokanso.

Ndinatumiza uthenga ku Chileka, ndipo Loweruka anabwera a Mailosi ndi apongozi aja. Ndinayala mkeka, ndinaika pepala la adokotala ndi botolo la mapiritsi patsogolo pawo. Pepalalo sanaligwire n'komwe, maso awo anali pa bandeji. Apongozi anafunsa kuti, "Wapsa?" Emmie anati, "Eya amayi, koma adokotala akuti..." Sanamudikire amalize. Anatembenukira kwa ine nati, "Pepani asewere, ife tinagwirizana za munthu woti achira." A Mailosi anati zatsopanozi zikufunika nkhoswe, n'kuvala chipewa. Tiyi sanamwe.

Tsopano za inu. Musadziimbe mlandu, si kalata yanu inandigwira manja. Kawiri kaja anagwera kuno, pamene ndinakulemberani kuti ndinachita mmene ndikanathera, zoona zake ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kumamupempherera ndili komweko. Amayi athu anatilera kuti thovu la wa khunyu likakugwera nawenso ugwa. Inu munandiuza kuti ndi bodza, anamwino anandiuzanso, ndinavomera ndi mutu koma miyendo yanga sinamve. Tsiku lija dzanja ndinaliona pa makala, ndinamva ndi fungo lomwe. Foniyo ndinaigwiritsitsa chifukwa inandipatsa chifukwa choimira patali. Ndi mwana wobereka ndekha, achimwene, ndipo ndinamuopa.

Poti dzanja lamanja ndi lomanga, mkaka ndikumufinya ndine tsopano. Ukutuluka madontho okha. Iye amandiyang'ana, ine ndimayang'ana kambale.

Salome

Lirangwe, 21 Seputembala 2024

Amalume,

Muli bwanji? Pepani zilembo zokhota, ndikuphunzira kulemba ndi lamanzere. Zikufanana ndi mizere ya pa makina ija.

Masabata asanu ndi atatu tsopano sindinagwe. Mapiritsi ndikumwa m'mawa ndi madzulo, amandipatsa tulo koma basi. Magetsi anu aja akhazikika. Ndinamuuza Lumbani, anasangalala, anakanena kwawo. Amuyankha kuti matenda angobisala, wopsa sachira.

Kanema uja ndinamuonera. Ndinali ndisanadzionepo ndikugwa, ndinkangomva kwa anthu. Inu munaona dzanja. Ine ndinakweza mawu, ndipo pansipansi pakumveka amayi akuti, "Emi, Emi, mwanawe, Emi," osalekeza mpaka pamapeto. Musawakalipire. Kapu yanga ija anaimasula kansalu, akumweramo iwowo, ndipo masiku ano tikudyera mbale imodzi.

Lachitatu linali tsiku la sikelo ku Chileka. Ndinakwera minibasi osauza munthu, ndinakaima kuseri kwa mpanda, dzanja nditalibisa m'chitenje. Apongozi anamupachika Nathan pa sikelo, iye akuponda m'malere ndi timiyendo. Wanenepa, ali ndi mano awiri. Atamutsitsa anayang'ana mbali yanga ndipo ndinamwetulira. Anandiyang'ana mmene mwana amayang'anira mlendo, n'kubisa nkhope pa phewa la agogo ake. Ndinadikira achoke kaye, kenako ndinakakwera minibasi.

Amayi akuti munanena kuti mwina Disembala mupeza njira, ndipo a Mailosi akuti adikira. Bwerani ndithu mukadzatha, mwana wanga ndikumufunabe, ngakhale atandiiwala ndidzamuphunzitsanso. Koma musataye ntchito chifukwa cha kufulumira kumene ndinakupemphani kuja. Lamulungu amayi anafinya mbali zonse ziwiri, nthawi yaitali, mpaka anatuluka thukuta. M'kambale munalibe kanthu. Anakatsuka, n'kukaika pa thandala pamodzi ndi mbale zina.

Mdzukulu wanu,
Emmie